GALIMOTO YA DIZILO IKAKANA KULIRA KUMUDZI

Mbewu ya mbatata yochokera ku Chitedze kapena ku Bvumbwe siichedwa kufota ikakhala padzuwa kumbuyo kwa galimoto yofa, ndipo alimi amene anaunga mizere sangaiyembekezere mvula itapita. Nchifukwa chake mlangizi ayenera kudziwa zoyamba kuchita pamene sitata ikuzunguza injini koma galimoto osalira.

Ngati injini ikuzungulira mwamphamvu, batire ndi sitata zili bwino. Kupotokola kiyi mobwerezabwereza kungomaliza batire ndi kutenthetsa sitata. Dalaivala asapitirire masekondi 15, ndipo apumitse asanayesenso.

Injini ya dizilo ilibe mapulagi a moto monga ya petulo. Mpweya umapanikizidwa mpaka kutentha kupitirira madigiri 500, ndipo dizilo akapoperedwamo amayaka yekha. Kawirikawiri chimene chimasowa ndi dizilo amene. Thanki ikauma, kapena fyuluta ikasinthidwa, mpweya umalowa m'mapaipi ndi kutsekereza mafuta, ngakhale munthu atathira dizilo wina. Pa Toyota Land Cruiser ya injini ya 1HZ, imene inayamba kupangidwa mu 1990, pamwamba pa fyuluta pali kapampu kopopa ndi dzanja. Dalaivala apope kufikira kapampuko katalimba, kenaka ayese kuliza. Kakapanda kulimba, pali paipi yong'aluka kapena yokhwepa imene ikuyamwa mpweya.

Vuto lina ndi madzi. Nthawi imene mafuta anasowa m'Malawi, monga mu 2011 ndi 2012, anthu ambiri anazolowera kugula dizilo wa m'zigubu, amene nthawi zina amakhala ndi madzi ndi zinyalala. Madzi ndi olemera kuposa dizilo, choncho amadikha pansi pa fyuluta. Pamenepo pali kotsegulira: dalaivala amasule pang'ono, atayire m'botolo loonekera mkati mpaka mutatuluka dizilo yekhayekha, atseke, ndi kupopanso. Botololo nlofunika, pakuti madzi otayira pansi saoneka.

Utsi umathandiza kulondola vuto. Pakapanda utsi konse, mafuta sakufika. Dalaivala ayang'ane mafyuzi ndi waya wa kachitsulo kotsekera mafuta pa pampu yaikulu, kamene kamamveka kuti "thi" kiyi akatsegulidwa. Utsi woyera m'mawa wozizira, monga ku Dedza mu June ndi July, umasonyeza kuti mafuta akufika koma sakuyaka. Apa ndi mapulagi otenthetsa, amene amakaniko amawatcha mahita. Dalaivala adikire nyali yake izime asanalize. Kuika sanza ya petulo polowera mpweya, monga ena amachitira, kungathe kuononga injini ndi kuyatsa moto.

Injini ikamazungulira mopepuka ndi mofulumira kuposa masiku onse, mwina lamba woyendetsa mavavu waduka. Dalaivala aleke pomwepo, asaikankhitse.

Amakaniko akale ankamasula mapaipi a mainjekita pofuna kutulutsa mpweya. Pa injini zatsopano za common rail, monga Hilux D-4D, zimenezi nzoopsa: mafuta amapanikizidwa kupitirira 1,000 bar ndipo angathe kuboola khungu. Galimoto yotere ikakana kulira fyuluta ndi mafyuzi zili bwino, mlangizi aitane makaniko wa makina oyezera, ndipo mbewu aitsitsire pamthunzi ndi kuiwaza madzi.