Kusankhira Ana Zisudzo ndi Nthabwala pa Chikondwerero cha Zaluso



Nyengo yadzuwa ikafika, zikondwerero za zaluso zimachuluka m'dziko muno, ndipo ana athu amayamba kupempha: "Bambo, tiloleni tikaonere." Makolo ena amakaniratu, poopa kuti kumeneko mwana akawonongeka. Ena amangopereka ndalama ya thiransipoti osafunsa kuti kukachitika zotani. Njira zonse ziwirizi n'zosavuta, koma palibe imene imamuphunzitsa mwana kanthu. M'phunziro lino tikambirane njira yachitatu, yomwe ndi kusankha: kudziwa sewero loyenera mwana wa msinkhu wakuti, ndi kudziwa chifukwa chake.

Zikondwerero zimene tikunena

Chikondwerero chachikulu chimene tayandikana nacho ndi cha Tumaini, chimene chimachitikira ku Dzaleka m'boma la Dowa. Malo amenewa kale adali ndende ya akaidi a ndale, ndipo kuyambira 1994 ndi msasa wa anthu othawa kwawo, makamaka ochokera ku Congo, Burundi ndi Rwanda, komanso ena a ku Somalia ndi Ethiopia. Lero kumakhala anthu opitirira 50,000. Chikondwererochi adachiyambitsa mu 2014 ndi mlakatuli wa ku Congo, Trésor Mpauni, wodziwika ndi dzina loti Menes la Plume. Dzina loti Tumaini ndi la Chiswahili, kutanthauza chiyembekezo. Kawirikawiri chimachitika chakumapeto kwa Okutobala kapena kumayambiriro kwa Novembala, ndipo polowa salipiritsa. Kumakhala nyimbo, magule, ndakatulo, zisudzo ndi nthabwala, ndipo anthu amafika miyandamiyanda.

Palinso zikondwerero zokonzedwera ophunzira. Mpikisano wa zisudzo za Chingerezi wa ATEM udayamba chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960. Ndi m'menemo momwe Du Chisiza Jr adayambira kudziwika akadali pasukulu ya HHI ku Blantyre, asadakhazikitse gulu la Wakhumbata mu 1987. Masiku ano palinso NASFEST, imene amakonza a bungwe la Light of Youth Creative Organisation. Kwina kuli Blantyre Arts Festival ndi Lake of Stars.

Zikondwererozi si zofanana. Cha ophunzira chimakonzedwa poganizira ana. Cha aliyense, monga cha Tumaini, chili ngati msika: muli tomato, muli nsomba, mulinso fodya. Wopita kumsika sagula chilichonse chimene wapeza.

Sewero la pabwalo si la pa TV

Kunyumba, filimu ikayamba kulakwika, timazimitsa. Pabwalo palibe batani. Mawu akatuluka pazokuzira mawu, alowa m'makutu mwa mwana basi.

Chachiwiri, zisudzo zambiri za Chichewa sizitsatira zolembedwa liwu ndi liwu. Ochita sewero amagwirizana mutu ndi kayendedwe ka nkhani, koma mawu ambiri amapeka ali pansanja pomwepo. Ndi luso lalikulu limeneli, ndipo ndi limene lidatchukitsa gulu la Kwathu komanso Izeki ndi Jakobo, omwe maina awo enieni adali John Nyanga ndi Eric Mabedi. Koma luso lomweli likutanthauza kuti sewero limodzi likhoza kukhala laulemu masana, n'kusanduka lina usiku. Wanthabwala amayang'ana anthu amene ali patsogolo pake. Akaona ana ndi amayi, amasamala pakamwa. Akaona anyamata amene alawako mowa akuombera m'manja mawu otukwana, amawawonjezera omwewo.

Tisadalirenso kuti boma lationera kale. N'zoona kuti kuyambira 1968 dziko lino lili ndi lamulo ndi bungwe loyang'anira mafilimu, mabuku ndi zisudzo. Koma bungwe silingaime pambali pa wanthabwala aliyense kumvetsera zimene wapeka mphindi yomweyo. Ku Edinburgh m'dziko la Scotland, kumene chikondwerero cha Fringe chakhala chikuchitika kuyambira 1947, buku la ndondomeko limalemba msinkhu woyenera pa sewero lililonse. Kwathu kuno chikalata cholengeza nthawi zambiri chimangopereka dzina, tsiku ndi malo. Choncho ntchito yofufuza imatsalira kholo ndi mphunzitsi.

Funso lalikulu: tikuseka yani?

Chipembedzo chathu sichidana ndi kuseka. Mtumiki (Swalla Allahu alaihi wasallam) ankachita nthabwala ndi maswahaba ake, ndi ana omwe, koma m'nthabwala zake sankanena bodza ndipo sankanyozetsa munthu. Mu Qur'an yolemekezeka, Surat Al-Hujurat ndime 11 imaletsa anthu kuseka anzawo mowanyoza ndi kuitanana maina oipa. Apa ndiye pali muyezo wathu.

Nthabwala iliyonse imakhala ndi chinthu chimene ikulasa. Ina imalasa khalidwe: dyera, ulesi, katangale, kudzimva, kuchenjera kopusa. Imeneyi ndi mbale wake wa nthano za Kalulu ndi Fisi zimene agogo ankatiuza madzulo. Fisi timamuseka chifukwa cha umbombo wake, ndipo mwana akaseka amaphunzira kuti umbombo ndi wochititsa manyazi. Michael Usi, monga Manganya mu Tikuferanji, adagwiritsa ntchito nthabwala kukamba za Edzi ndi mavuto ena a m'mabanja, nkhani zimene anthu ankachita nazo manyazi kuzitchula.

Ina imalasa chibadwa cha munthu: chibwibwi, kulumala, khungu, kufupika, mtundu wake, kapena mmene amalankhulira Chichewa. Imeneyi ndi yotsika mtengo. Siifuna nzeru, ndipo anthu amaseka msanga. Koma taganizani za mwana wa Fomu 1 amene waona khamu la akuluakulu likufa ndi phwete chifukwa wina akutsanzira munthu wachibwibwi. Lolemba akabwera kusukulu, m'kalasi mwake muli mnzake wachibwibwi. Mukuganiza kuti achita chiyani? Wabwera ndi chilolezo.

Nkhaniyi si yaing'ono. Kuyambira cha m'ma 2014 dziko lino laona abale athu achialubino akubedwa ndi kuphedwa. Nkhanza zotere zimamera pamalo pamene anthu adazolowera kale kuona mnzawo ngati chinthu choseketsa, osati munthu. Ifenso tikudziwa mmene zimawawira munthu akavala mkanjo ndi chisoti pansanja n'cholinga chongotsanzira Msilamu kuti anthu aseke. Ngati zimenezo zimatipweteka, tisalole ana athu kuseka pamene akunyozedwa ndi Mkhristu, Mtumbuka, Msena kapena munthu wothawa kwawo amene Chichewa chikumuvuta. Ku Dzaleka tikapita, ndife alendo pakhomo pa anthu amenewa.

Mutu wolemera si sewero loipa

Pali cholakwika china chimene makolo osamala amagwamo: kukana sewero chifukwa likukamba nkhani yovuta. Sewero lonena za mtsikana wokakamizidwa kukwatiwa ali Fomu 2, la mnyamata wolowerera ndi chamba, kapena la banja lothawa nkhondo, likhoza kukhala phunziro labwino kuposa maola atatu a m'kalasi. Ophunzira athu amawerenga kuti mu 2017 Nyumba ya Malamulo idasintha malamulo aakulu a dziko kuti munthu asalowe m'banja asadakwanitse zaka 18. Kuwerenga n'kwina, kuona misozi ya mtsikanayo pansanja n'kwinanso.

Choncho tisamangofunsa kuti, "Kodi muli zoipa?" Ngakhale m'masewero a Shakespeare amene timaphunzitsa pokonzekera mayeso a MSCE muli kuphana. Funso ndi lakuti, sewerolo likuchita nacho chiyani choipacho? Likuonetsa zotsatira zake, kapena likuchikometsera? Woledzera wa m'seweromo akumaliza ali ngwazi, kapena tikuona ana ake akugona ndi njala? Palinso kusiyana pakati pa kukamba nkhani ndi kuionetsa poyera. Ochita zisudzo aluso amatha kutidziwitsa kuti chigololo chachitika popanda kuvula kapena kugwiranagwirana pamaso pa ana.

Msinkhu wa mwana

Mwana wosakwana zaka 7 amavutika kusiyanitsa sewero ndi zenizeni. Akaona mayi akumenyedwa pansanja, kwa iye mayiyo wamenyedwadi, ndipo usiku akhoza kulota. Woteroyo amuyenera masewero afupiafupi, a masana, a nthano, zidole ndi nyimbo.

Wa zaka 8 mpaka 12 amatsatira nkhani bwinobwino, koma ndiye katswiri wotsanzira. Mawu aliwonse amene aseketsa anthu amawatola n'kukawayesa kunyumba. Kwa ameneyu samalani kwambiri chilankhulo.

Wa ku sekondale angathe kuonera mitu yolemera, ndipo ndi bwino kuti aziionera. Chimene akufunika ndi munthu wamkulu wokambirana naye pambuyo pake. Ameneyu tisamangomusankhira. Tizisankha naye limodzi, azinena yekha chifukwa chimene akufunira sewero lakuti, pakuti posachedwa adzakhala ku Lilongwe kapena ku Zomba kumene sitidzakhalako kuti timuletse.

Tisananyamuke, tikafika, tikabwerako

Safunsa adadya phula. Tisananyamuke tipeze ndondomeko ya tsikulo. Okonza zikondwerero amaika zambiri pa Facebook, ndipo magulu ambiri a zisudzo ali ndi timavidiyo pa YouTube kapena pamafoni a anthu. Mphindi khumi zoonera ntchito yakale ya gulu zimatiuza zambiri kuposa chikalata chokongola. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Tifunsenso aphunzitsi a Chichewa ndi Chingerezi, chifukwa amawadziwa magulu ambiri.

Tisankhe zochitika za m'mawa ndi masana. Kuchokera kuno ku Malomo kukafika ku Dzaleka ndi ulendo wautali, ndiye nthawi yobwerera ikhazikitsidwe tisadakwere galimoto, kuti mdima usatipeze pabwalo. Nthawi za Swala ziwerengeredwe m'ndondomeko, ndipo ngati ndi Lachisanu, tidziwiretu kumene tikaswalire Ijumaa. Ku Dzaleka kuli Asilamu anzathu amene angatilondolere. Titenge madzi okwanira, pakuti dzuwa la nyengo imeneyi silichita masewera, komanso kamba wathu kapena tifufuze ogulitsa chakudya cha halaal.

Gulu la ana lisapite popanda akuluakulu okwanira, ndipo atsikana akhale ndi mayi wowayang'anira. Mwana aliyense asunge kapepala ka nambala ya foni ya mphunzitsi, ndipo onse adziwe malo amodzi okumanirana wina akasochera. Tisakhale pafupi ndi zokuzira mawu. Tikhale chakumbali, pamene tingatuluke osasokoneza anthu.

Sewero likayamba kulakwika, tinyamuke mwakachetechete. Palibe chifukwa chokuwiza kapena kukangana ndi eni ake. Chimodzimodzi pa magule ndi miyambo ya anansi athu. Kuno ku Ntchisi ndi ku Dowa ndi kwawo kwa Gule Wamkulu, amene bungwe la UNESCO lidamuzindikira mu 2005. Banja limene silifuna kuti ana ake aonere lili ndi ufulu wotero, koma mwanayo aphunzire kupatuka mwaulemu, osanyoza. Wanthabwala akaitana ana kuti akwere pansanja, mphunzitsi ndiye avomereze kapena kukana, chifukwa nthawi zina mwanayo ndi amene amasanduka choseketsa, ndipo mafoni amakhala akujambula.

Gawo lofunika kwambiri ndi la pobwerera. M'galimoto kapena pamphasa madzulo, timufunse mwana: Chakuseketsa n'chiyani? Amene amasekedwayo adalakwa chiyani? Ukadakhala iweyo ukadamva bwanji? Ngakhale sewero limene tidalisankha molakwika limasanduka phunziro likakambidwa chotere. Mwana amene wazolowera mafunso amenewa amayamba kudzifunsa yekha, ngakhale pamene akuonera timavidiyo ta pa TikTok ife kulibe.

Pempho kwa a komiti ndi makolo

Mutu umodzi susenza denga. Tikupempha kuti ulendo uliwonse wa sukulu wopita ku chikondwerero uzikonzedwa ndi kagulu kokhala ndi mphunzitsi, kholo lachimuna, kholo lachikazi, mmodzi wa a komiti ya mzikiti ndi ophunzira awiri a Fomu 3 kapena Fomu 4. Kaguluka kaziona ndondomeko, kusankha masewero, ndi kulembera makolo zimene ana akaonere ndi nthawi yobwerera. Tikupemphanso kuti kalabu ya zisudzo ya pasukulu pano ilimbikitsidwe. Mwana amene adayesapo kuseketsa anzake popanda kutukwana kapena kunyoza munthu amadziwa kuti ndi ntchito yofuna nzeru, ndipo sakhutira msanga ndi nthabwala zotsika.

Mafunso okambirana m'kalasi ndi kunyumba

1. Tchulani nthabwala imodzi imene mudamvapo yolasa khalidwe loipa, ndi ina yolasa chibadwa cha munthu. Zikusiyana pati?
2. N'chifukwa chiyani sewero limodzi lingasinthe pakati pa masana ndi usiku?
3. Mng'ono wanu wa zaka 6 akufuna kupita nanu kukaonera sewero lonena za nkhondo. Mungamuyankhe bwanji?
4. Anzanu onse akuseka pamene munthu wolumala akutsanziridwa pansanja. Inu mungachite chiyani nthawi yomweyo, nanga mawa lake?

Allah atipatse nzeru zolerera ana athu.