PHUNZIRO 6: KULUMIKIZA MAWAYA A PULAGI YA NGOLO YA GALIMOTO

Mawu oyamba

Mwina munayendapo usiku nyengo yokolola n'kupeza kutsogolo kwanu galimoto ikukoka ngolo yodzaza matumba a chimanga, kumbuyo kwa ngoloyo kuli bii. Katundu amakhala ataphimba nyali za galimoto yokokayo, choncho dalaivala akaponda mabuleki wam'mbuyo amazindikira atafika kale pafupi. Kawirikawiri vuto silikhala mababu ayi, koma pulagi yotenga magetsi kuchoka ku galimoto kupita ku ngolo. Ena mwa ophunzira anu adzagwira ntchito m'magalaja kapena kwa owotcherera zitsulo amene amapanga ngolo zoterezi. Akadzasokoneza waya mmodzi yekha, wina akhoza kutaya moyo pamsewu.

Zolinga

Pomaliza phunziroli muzitha:
1. kutchula ntchito ya pini iliyonse pa pulagi ya mapini 7;
2. kufotokoza chifukwa chake waya wa earth ndi wofunika koposa;
3. kutsogolera ophunzira polumikiza ndi kuyesa nyali za ngolo.

Mapini ndi ntchito zake

Pulagi yofala pa ngolo zing'onozing'ono m'chigawo chino cha Africa ndi yozungulira, ya mapini 7, yogwiritsa ntchito magetsi a mavolti 12. Imatsatira muyezo wa ISO 1724, ndipo ena amaitchula kuti 12N. Mawaya ake amakhala motere:

Pini 1 (L): wachikasu, indiketa ya kumanzere
Pini 2 (54G): wabuluu, nyali ya m'nkhungu
Pini 3 (31): woyera, earth
Pini 4 (R): wobiriwira, indiketa ya kumanja
Pini 5 (58R): wabulawuni, nyali yam'mbuyo ya kumanja
Pini 6 (54): wofiira, nyali za mabuleki
Pini 7 (58L): wakuda, nyali yam'mbuyo ya kumanzere

Manambalawa amalembedwa pa pulagi pomwepo, pafupi ndi pini iliyonse. Tsatirani manambalawo, musamangodalira chithunzi, chifukwa pulagi mukaiyang'ana kutsogolo ndi kumbuyo, mbali ya kumanja ndi ya kumanzere zimasinthana.

Dziwaninso kuti mitunduyi si ya dziko lonse lapansi. Ku America ndi ku Australia waya wabuluu ndi wa mabuleki oyendera magetsi. Mawaya a m'galimoto yokokayo nawonso ali ndi mitundu yawoyawo malinga ndi kampani imene inaipanga. Waya wofiira wa m'galimoto yochokera ku Japan sakhala wa mabuleki chifukwa chongoti ndi wofiira. Muyeseni kaye.

Za mabuleki

Ophunzira ambiri amaganiza kuti pini 6 ndiyo imaimitsa ngolo. Ayi ndithu. Piniyi imangoyatsa nyali zochenjeza wam'mbuyo. M'mayiko ambiri, kuphatikizapo South Africa, ngolo yopitirira makilogalamu 750 pamodzi ndi katundu wake imafunika kukhala ndi mabuleki akeake. Ambiri mwa mabulekiwa safuna magetsi: galimoto ikachepetsa liwiro, ngolo imakankha chokokera, ndipo kukankhako ndi kumene kumagwiritsa mabuleki. Mabuleki oyendera magetsi amafuna kachipangizo kowalamulira ndiponso waya wawo wokhuthala. Musawalumikize ku waya wa nyali.

Waya woyera

Magetsi sagwira ntchito ngati alibe njira yobwerera ku batire. Nyali iliyonse ili ndi waya wake wobweretsa magetsi, koma zonse zimabwezera pa waya mmodzi, woyera uja. Tiyeni tiwerengere. Babu la mabuleki kapena la indiketa ndi la mawati 21, pamene la nyali yam'mbuyo ndi la mawati 5. Dalaivala akukhota usiku ataponda mabuleki, pamayaka mababu awiri a mabuleki, indiketa imodzi ndi nyali ziwiri zam'mbuyo:

21 + 21 + 21 + 5 + 5 = mawati 73
73 ÷ 12 = ma ampeya 6 ndi pang'ono

Waya wa indiketa akunyamula ma ampeya 1.75 okha, koma woyera akunyamula onse 6. N'chifukwa chake sayenera kukhala wopyapyala, ndipo amangidwe pa chitsulo chopalidwa bwino, chopanda penti kapena dzimbiri.

Amisiri ena amasiya waya ameneyu n'kumati magetsi adzera pa mpira wokokera. Mpirawo umakhala ndi girisi ndi fumbi, ndiponso umagwedezeka m'mabampu, choncho nyali zimangoti zayaka, zazima. Earth akakhala woipa, magetsi amafuna njira ina kudzera m'mababu ena. Mukaona nyali yam'mbuyo ikuphethira mofooka pamene mwayatsa indiketa, musathamangire kugula mababu. Yambirani pa waya woyera.

Kalumikizidwe kake

Mufunika pulagi, soketi, chingwe cha mawaya 7, sikuludiraiva, pulayasi, tepi ndi nyali yoyesera. Nyali yoyeserayo mutha kuipanga nokha ndi babu la mavolti 12 ndi mawaya awiri.

1. Pezani mawaya a galimoto. Gwiritsani waya mmodzi wa nyali yoyesera pa chitsulo cha galimoto, winayo muzikhudzitsa mawaya opita ku nyali zam'mbuyo pamene mnzanu akuponda mabuleki kapena kuyatsa indiketa. Lembani dzina pa waya aliyense amene mwamupeza.
2. Chotsani waya wa negetivi pa batire musanayambe kulumikiza.
3. Lowetsani chivundikiro cha pulagi pa chingwe poyamba. Ambiri amaiwala, n'kumasulanso ntchito yonse.
4. Sendani nsonga ya waya aliyense pang'ono chabe, mongokwanira kulowa m'bowo, ipotoleni, n'kumanga sikulu. Pasatsale kaulusi ka kopa kokhudza pini ina.
5. Mangani chopanira chingwe kuti chikakokedwa mawaya asazuke. Chingwe chikhale chotalika moti galimoto ikhote momasuka, koma chisakhwekhwereke pansi.
6. Bwezerani batire ndipo yesani nyali imodziimodzi, kenako zonse pamodzi.

Chenjezo: galimoto zambiri zatsopano zili ndi kompyuta yoyang'anira nyali. Pa zoterezi musadule mawaya mwachisawawa. Pamafunika kachipangizo kapadera koti ngolo izitenga magetsi ku batire popanda kulemetsa kompyutayo.

Ntchito ya m'kalasi

Ngati pasukulu panu palibe ngolo, thabwa ndi batire ya galimoto n'zokwanira. Khomani pa thabwalo mababu atatu: A wa mawati 21 ngati indiketa, B ndi C a mawati 5 ngati nyali zam'mbuyo. Lumikizani pamodzi mawaya obweretsa magetsi a B ndi C. A ndi B akhale ndi waya mmodzi wobwerera ku negetivi, C akhale ndi wakewake. Perekani magetsi kwa A yekha, ndipo ayaka bwino. Kenako chotsani pa batire waya wobwerera wa A ndi B, n'kuperekanso magetsi kwa A. Ophunzira aona B ndi C akuyaka mofooka pamene A wazima kapena akungooneka pang'ono. Musawauze yankho. Aloleni atsate njira ya magetsi ndi chala mpaka aipeze okha. Onetsetsani kuti atsikana nawonso agwira pulayasi, asangokhala olemba zotsatira.

Dziyeseni

1. Kodi waya wa nyali za mabuleki amapita pa pini iti?
2. N'chifukwa chiyani mpira wokokera si wodalirika ngati earth?
3. Ngolo ina ikayatsa indiketa ya kumanja, kumayaka kumanzere. Ndi mapini ati amene asinthanitsidwa?

Lembani mayankho anu m'kope ndipo mukakambirane ndi mlangizi wanu pa tsiku lokumana. Musanakaphunzitse, lumikizani pulagi imodzi ndi manja anu.