Kompyuta, Masamu ndi Ng'oma za ku Chitipa

Kodi nyimbo ndi masamu zimakumana pati?

Mawu ndi kunjenjemera kwa mpweya. Nsambo ya gitala ikamanjenjemera ka 440 pa sekondi, timamva liwu lotchedwa A. Mukaikanikiza pakati penipeni imanjenjemera ka 880, liwu n'kukwera. Zowerengeka zotere kompyuta imazipanga mosavuta.

Zinayamba liti?

Mu 1957, Max Mathews wa ku Bell Labs ku America analemba pulogalamu yoimbitsa kompyuta. Mu 1956 n'kuti Iannis Xenakis atamaliza Pithoprakta, nyimbo yomwe anaipeka potsata masamu a momwe tizigawo ta mpweya timayendera.

Nanga ng'oma zikulowamo bwanji?

Apa ndiye pokoma. Mu 2005, Godfried Toussaint wa ku McGill University ku Canada anaonetsa kuti njira yakalekale ya Euclid yogawira manambala imabala kaombedwe ka ng'oma zambiri za mu Africa. Yesani nokha. Werengani mpaka 8, koma muziomba m'manja pa 1, pa 4 ndi pa 7. Mukabwereza kangapo, phazi liyamba lokha kugunda pansi. Makolo athu ankaomba zimenezi opanda cholembera.

Ndiye kompyuta ingalowe m'malo mwa oomba ng'oma za gule wa sendemule wa Alambya?

Ayi ndithu. Woomba ng'oma amayang'ana mapazi a ovina. Amafulumira kapena kubweza dzanja malinga ndi momwe bwalo latenthera. Kompyuta siona bwalo.

Pali choopsa?

Chilipo, ndipo chimandidetsa nkhawa. Mapulogalamu ngati FL Studio, omwe anyamata amapangira nyimbo m'masitudiyo, amabwera atachunidwa kale pa makwerero 12 ofanana a piyano. Bangwe ndi kalimba za akuluakulu athu sizitsata makwerero amenewo. Hugh Tracey, yemwe anajambula nyimbo m'dziko muno m'zaka za m'ma 1950, ankachita kuyeza machunidwe otere chida ndi chida. Mnyamata akawongolera mawu a agogo ake kuti agwirizane ndi piyano, wafufuta chomwe chinkawasiyanitsa ndi ena.

Wachinyamata wa ku Chitipa achite chiyani?

Boma lino lili ndi Chilambya, Chindali, Chisukwa, Chinyiha, Chitumbuka ndi zilankhulo zina, chilichonse ndi nyimbo zake. Foni ndi yokwanira poyambira. Pitani ku Misuku, ku Kameme, ku Wenya, ku Nthalire. Pemphani chilolezo kwa eni gule, lembani mayina awo, jambulani, kenaka yezani mawuwo musanasinthe kalikonse. Kompyutayo muipatse manambala akwanu.