Azakhali akuyankha: Buku lalikululo lisiye kunyumba

Mwana wanga, kalata yako ndaiwerenga, ndipo ndaseka mpaka kutsamwa. Akupatsa kalasi ya ana oti sanakonzepo ngakhale khadi la ukwati, iwe n'kuthamangira kukawatsegulira The Elements of Typographic Style la Robert Bringhurst. Tsono ukudabwa chiyani kuti akuwodzera? Buku la 1992 limenelo ndi labwino zedi, koma ndi lako mphunzitsi, uziwerenga wekha usiku. Ndakudziwa, umafuna akuone kuti sukulu unapita. Aona kale, mwanawe.

Basi pukuta misozi, sunalephere. Ana ongoyamba kumene amachita mantha msanga, ndipo mwana akadziona ngati mbuli sabata yoyamba, yachiwiri sabweranso.

Yamba ndi The Non-Designer's Design Book la Robin Williams, mayi wa ku America, osati wanthabwala wa m'mafilimu uja. Linatuluka mu 1994 ndipo limakhazikika pa mfundo zinayi zokha: zogwirizana zikhale moyandikana, mizere ifole bwino, zina zizibwerezedwa, ndipo zosiyana zisiyane moonekeratu. Limaonetsa tsamba losokonekera, kenako lomwelo litakonzedwa. Mwana amaona yekha chimene chasintha, iwe osataya mate. Akazolowera, abweretsere Thinking with Type la Ellen Lupton, la 2004, aphunzire maonekedwe a chilembo ndi kagawidwe ka tsamba.

Mabuku onyezimira aja, odzaza zithunzi koma opanda ntchito yoti ana achite, usatayirepo ndalama. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Ngati thumba lilola, onjeza Afrikan Alphabets la Saki Mafundikwa wa ku Zimbabwe, anawo adziwe kuti Avai a ku Liberia ndi Abamum a ku Cameroon anapanga zilembo zawozawo.

Koma ndikunong'oneze ichi. Mabuku a Williams ndi Lupton analembedwera owerenga Chingerezi, sakuuza kuti mitundu ina ya zilembo pa kompyuta ilibe ŵ. Mwana akalemba Malaŵi, pamatuluka kabokosi kapena chilembo chachilendo pakati pa mawu, ndipo mwini ntchito salipira. Aziyesa kaye mtundu wa zilembo asanausankhe.

Lolemba likudzali, atume kumsika ndi mafoni awo akajambule zikwangwani za maokala ndi malo ometera. Aliyense asankhe chimodzi n'kuchikonza potsata mfundo zinayi zija. Ukatero undilemberenso, ndimve ngati alipo wagona.