Kaonedwe ka mbalame zaulendo kuno ku Matandani

Lero tikambirana za mbalame, koma osati za ndiwo ayi. Tikambirana za kaonedwe koyenera ka mbalame zaulendo, zimene zimafika m'dera lathu la Neno kuyambira mu Ogasiti mpaka mu Disembala.

Ku Ulaya, ikafika Seputembala masamba amayamba kuyoyoka, kunja kumazizira, tizilombo timasowa, ndipo mbalame zodya tizilombo zimanyamuka kulowera kummwera. Anthu akumeneko amakwera zombo kupita pa tizilumba ta m'nyanja yamchere monga Heligoland ku Germany ndi Fair Isle ku Scotland, chifukwa mbalame yotopa ikaona kamtunda pakati pa madzi imatera, ndiye pakamalo kakang'ono pamadzaza mitundu yambirimbiri. Iwo amataya ndalama kuti akaone mbalame zikutsazika. Ife sitilipira kanthu, pakuti zina mwa izo ulendo wake umathera m'minda mwathu momwe muno. Tili pa mapiri a Kirk Range, kumadzulo kwa chigwa cha Shire, ndipo chigwa chimenechi ndi mbali ya Rift Valley, njira imene mbalame zikuluzikulu zambiri zimatsata potsikira kummwera kwa Africa.

Tiyambe ndi malo. Oyamba kumene amalakwitsa poyendayenda phiri lonse, kuganiza kuti woyenda kwambiri ndiye aona zambiri. Ayi. Sankhani malo amodzi, pafupi ndi kwanu, oti mutha kumafikapo sabata iliyonse. Malo abwino ndi pamene zinthu ziwiri zakumana: munda ndi nkhalango, dimba ndi mtsinje, bwalo la mpira ndi mitengo ya m'mbali mwake. Pa mishoni ya Matandani, imene a Adventist anaiyamba mu 1908, mitengo ikuluikulu ilipo, ndipo malo otere mbalame zimawakonda. Mukawapeza malo anuwo musawasinthe, chifukwa mlendo amadziwika ndi munthu amene akuwadziwa eni mudzi. Ngati simunazolowere pumbwa, njiwa, mpheta ndi nkhwali za pamalopo, mudzadziwa bwanji kuti lero kwafika wachilendo?

Fikani dzuwa likungotuluka ndipo mukhalepo ola limodzi kapena awiri. Dzuwa likhale kumbuyo kwanu. Mukaliyang'ana, mbalame iliyonse idzaoneka yakuda. Valani zovala zosawala, zofiirira kapena zobiriwira. Malaya oyera a kutchalitchi asiyeni kunyumba. Tsamirani mtengo kapena chulu kuti thupi lanu lisaonekere patali, foni muitseke mawu, galu atsale. Mphindi khumi zoyambirira mudzaona ngati palibe kanthu, ndipo ambiri amanyamuka panthawi imeneyi. Khalani ngati msodzi wa mbedza: mukakhala chete mbalame zimakuiwalani n'kuyambanso kudya pafupi nanu.

Koma adokowe ndi mbalame zolusa zaulendo sizidzuka m'mamawa chomwechi. Izo zimadikira dzuwa litenthetse nthaka, mpweya wotentha uyambe kukwera, ndiye zimatambasula mapiko n'kumazungulira, kukwera nawo mpweyawo osakupiza, kenako n'kutsetserekera kutsogolo kukafuna mpweya wina. N'chifukwa chake adokowe oyera a ku Ulaya sadutsa pakati pa nyanja ya Mediterranean, pamene mpweya wotero kulibe, koma amazungulira kudzera ku Gibraltar, kapena ku Turkey, Israel ndi Egypt. Choncho kuyambira cha m'ma 9 koloko mpaka masana, kwerani pachitunda choonekera chigwa, mukhale pamthunzi, muziyang'ana kumwamba cha kumpoto.

Tsopano mbalame yatera patsogolo panu. Musathamangire mtundu wa nthenga, chifukwa kuwala kumanamiza. Yambani ndi msinkhu: kodi ikufanana ndi mpheta, pumbwa, njiwa, khwangwala kapena nkhanga? Kenako onani mlomo, ngati ndi wokhuthala wosweera njere, woonda wotolera tizilombo, kapena wokhota wong'ambira nyama. Onaninso mchira ndi miyendo. Mukatero onani zimene ikuchita: ikudya pansi, ikusaka m'masamba, kapena ikuchoka panthambi kukawakha kachilombo n'kubwerera pomwepo? Mtundu wa nthenga ubwere pomaliza, ndipo muzinena malo ake enieni, pakhosi, pachifuwa, pamsana kapena kunsi kwa phiko. Kungonena kuti "inali yofiira" sikuthandiza aliyense.

Tiyese pa namzeze, amene aliyense amati amamudziwa. Anamzeze alipo a mitundu ingapo. Amene amamanga chisa chadothi chokhala ndi kakhomo kotalika pansi pa denga la sukulu kapena tchalitchi, wamutu wofiira ndi mizeremizere yakuda pachifuwa, ameneyo amaswa kuno. Wina wachipewa chofiira, woyera mbee kunsi konse, wokhala ndi tinthenga tiwiri toonda ngati waya kumchira, wokonda pansi pa milatho, nayenso ndi wathu. Mlendo wochokera ku Ulaya ndi ku Asia ali ndi khosi ndi chipumi zofiirira, mkanda wakuda pachifuwa, ndi mimba yoyera. Amayamba kuoneka chakumapeto kwa Seputembala ndi mu Okutobala, amachuluka mvula ikagwa, amandandalika pa mawaya a magetsi, madzulo n'kukagona m'bango ambirimbiri. Chizindikiro chachikulu n'chakuti samanga chisa kuno. Mazira amakaikira kumene anachokera. Kambalame kameneka kamalemera magalamu pafupifupi 20, koma kamadutsa chipululu cha Sahara kawiri pachaka.

Fulagombe wa ku Ulaya mumayamba kumumva musanamuone. Gulu lake limadutsa m'mwamba kwambiri likulira mofewa, "pruu, pruu", ndipo likatsika mudzaona khosi lachikasu, mutu ndi msana wofiirira, mimba yobiriwira mopita ku buluu. Pano ndiye pofunika khutu. Phunzirani kutseka maso kwa mphindi ziwiri n'kuwerenga malilidwe osiyana amene mukumva; mbalame zambiri za m'masamba simudzaziona, mudzangozimva.

Si alendo onse amachokera kutsidya kwa nyanja. Kabawi wamlomo wachikasu ndi mchira wamphanda, mdani wa anapiye, amafika cha mu Ogasiti kuchokera cha kumpoto, mu Africa momwe muno, ndipo iye amaswa kuno. Adokowe akuda amimba yoyera, amene m'mabuku amalembedwa kuti Abdim's stork, amaswa kumayiko a kumunsi kwa Sahara, kuyambira ku Senegal mpaka ku Ethiopia, ndipo kuno amafika ndi mvula, m'magulu, n'kumatola ziwala ndi mbozi m'minda. Mlimi woponya mwala dokowe akuthamangitsa waganyu wosalipidwa, pakuti mbalame imeneyi imadya dzombe ndi ntchemberezandonda.

Ine mlendo amene amandigometsa ndi kamphamba kotchedwa Amur falcon. Kamaswa kummawa kwa Siberia, ku Mongolia ndi kumpoto kwa China, kamapumira ku India, kenako n'kuwoloka nyanja mtunda wa makilomita pafupifupi 3,000 osatera, kufika ku East Africa, n'kutsikira kuno chakumapeto kwa Novembala ndi mu Disembala. Katambala kake n'kotuwa modera, miyendo yofiira, ndipo kakauluka kunsi kwa phiko kumaoneka koyera. Tsiku limene mvula yakata masana ndipo ngumbi zayamba kutuluka, siyani kaye beseni, yang'anani kumwamba kwa chulu: anamzeze, akabawi ndi timphamba timeneti zimasonkhana pamenepo. M'chaka cha 2012 dziko linadzidzimuka kumva kuti ku Nagaland, ku India, anthu ankakola timphambati zikwizikwi ndi maukonde pafupi ndi damu la Doyang. Chaka chotsatira midzi ya kumeneko, motsogozedwa ndi mudzi wa Pangti, inaleka, ndipo lero alendo amapita kukaona mbalamezo. Iwo anachita mbali yawo. Tingachite manyazi kuti kambalame kopulumuka ku India kadzafere pa ulimbo ku Neno.

Apa ndilankhule ndi anyamata. Legeni, ulimbo ndi misampha zitsale kunyumba. Ndikudziwa kuti maso akuthwa kwambiri m'mudzi ndi a mnyamata wa legeni. Amadziwa mtengo umene mbalame imagona ndi nthawi imene imamwa madzi. Luso limenelo ndi lomwe tikulifuna, kungoti m'dzanja mukhale pensulo. Ndipo musagwedeze nthambi kapena kuponya miyala kuti mbalame iuluke muione bwino. Yangofika kumene ili yotopa, mafuta a m'thupi atha, ndipo kuuluka kulikonse kopanda pake kumaidyera mphamvu.

Nanga zipangizo? Magalasi oonera patali, mabainokyula, ndi abwino mukawapeza, makamaka olembedwa 8x42 kapena 8x32. Kagwiritsidwe kake n'kotere: maso akhale pa mbalame, ndiye mukweze magalasiwo kufika m'maso osaweramitsa mutu. Mukayang'ana kaye magalasi, mbalame mwaitaya. Musayang'ane nawo dzuwa. Koma musadikire magalasi kuti muyambe. Chofunika koposa ndi kope ndi pensulo. Bolopeni imafufutika ikanyowa.

M'kopemo lembani deti, malo, nthawi yoyamba ndi yomaliza, mmene kunja kwachera, ndi mbalame iliyonse pamodzi ndi kuchuluka kwake. Lembani muli pomwepo, osati madzulo mutadya nsima, chifukwa mutu umawonjezera zake. Gulu likakhala lalikulu, werengani khumi zoyamba, muone malo amene zatenga, ndiye muyeze gulu lonse ndi muyeso umenewo, khumi, makumi awiri, makumi atatu. Mbalame yosaidziwa ijambuleni ngakhale mosaoneka bwino, mulembe zizindikiro zake, dzina mulisiye. Apa ndiye pagona nkhani yonse ya lero: lembani chimene mwaona, osati chimene mumafuna kuona. M'Malawi muno munalembedwa mitundu ya mbalame pafupifupi 650, ndipo palibe amene amaidziwa yonse tsiku limodzi. Mzere wolembedwa kuti "sindinaizindikire" ndi wa mtengo wapatali kuposa dzina lopeka. Funsaninso agogo mayina a mbalame ndi zimene ankaonera kubwera kwake, mulembe momwe akutchulira. Mukasunga kope lotere zaka zitatu kapena zinayi, mudzatha kuyerekeza tsiku lofika namzeze kapena dokowe ndi tsiku la chizimalupsa ndi la mvula yobzalira, m'mudzi mwanu momwemo. Amene muli ndi foni ya intaneti mutha kulowetsa zolembazo pa eBird, kumene akatswiri a dziko lonse amaziona.

Tsiku lina mutha kupeza mbalame yakufa ili ndi kamphete kachitsulo kumwendo. Si zamatsenga ayi. Ntchito yoveka mbalame timphete inayamba mu 1899 ndi mphunzitsi wa ku Denmark, Hans Christian Mortensen, pofuna kudziwa kumene zimapita. Kale azungu ena ankakhulupirira kuti anamzeze amagona m'matope nyengo yonse yozizira, ndipo umboni wina woti mbalame zimapita kutali unapezeka mu 1822, pamene ku Klütz, ku Germany, kunaphedwa dokowe ali ndi mkondo wa ku Africa pakhosi. Mukapeza kamphete, lembani manambala ndi mawu onse ali pamenepo, deti ndi malo, ndipo mudziwitse a Wildlife and Environmental Society of Malawi, kapena ofesi ya zankhalango paboma. Kaundula wa timphete ta chigawo chino amasungidwa ndi a SAFRING ku University of Cape Town. Musaphe mbalame pofuna kamphete. Ndipo mukapeza mbalame zambiri zitafa malo amodzi, musazigwire kapena kuzidya; auzeni alangizi a ziweto, chifukwa mwina ndi chimfine cha mbalame chimene chingathe nkhuku m'mudzi.

Tisaiwale ulemu. Munthu woima m'munda mwa eni ake m'mamawa, magalasi m'maso, kope m'manja, amakayikitsa, ndipo mphekesera m'mudzi sizichedwa. Yambani mwakaonekera kwa amfumu, mufotokoze ntchito yanu, mupemphenso mwini munda. Kumanda kuli mitengo yabwino ndi mbalame zambiri, koma simulowako popanda chilolezo. Imani kunja mumvetsere. Magalasi musawalozetse kumadooko kumene amayi akusamba kapena m'makomo mwa anthu. Inu a kumtunda kufupi ndi malire a Mozambique, mbalame ikawoloka, isiyeni ipite. Ana asapite okha kumtsinje mvula ikayamba, Wamkulumadzi ndi Lisungwi amadzaza mwadzidzidzi.

Dziko lonse limakumbukira mbalame zaulendo Loweruka lachiwiri la Meyi ndi Loweruka lachiwiri la Okutobala. Ambiri kuno tsiku limenelo ndi Sabata, koma ola limodzi la m'mamawa musanapite kukapemphera ndi lokwanira, kapena muchite Lamlungu. Aphunzitsi a makalabu a zachilengedwe, tengani ana osapitirira asanu ndi mmodzi pagulu, chifukwa kalasi yonse ikapita mbalame zimathawa. Sabata ino sankhani malo anu, gulani kope, mulembe eni mudzi onse amene mukuwadziwa. Alendo adzakhala nafe mpaka mu Malichi ndi Epulo, ndiye mudzalembenso tsiku lomaliza kuwaona.