Kuyeza Luso la Kuyankhula Chiyankhulo Chachiwiri

Ena mwa inu Chichewa munachidziwira kusukulu. Kwanu mumayankhula Chitumbuka, Chiyao kapena Chisena. Pochita sewero kapena mtsutso m'Chichewa, luso lanu likhoza kuyezedwa m'njira ziwiri.

1. Kuyankhula mosadodoma
Woyeza amawerenga mawu amene mwayankhula pa mphindi imodzi. Amamvetseranso kuti mwaima kangati pakati pa chiganizo, ndipo mwati "eee" kapena "ujeni" kangati.

2. Kuyankhula molondola
Apa amawerenga ziganizo zopanda cholakwika. Ngati mwa ziganizo 20 zolondola zilipo 15, ndiye kuti mwapeza 75 peresenti. Ambiri amagwa pa agwirizanitsi. Chitsanzo: "chipewa yanga yagwa" m'malo mwa "chipewa changa chagwa".

Dziwani kuti liwiro lokha si luso ayi. Wothamanga amaphonya agwirizanitsi, pamene woopa kulakwitsa amangodukizadukiza mpaka omvera kutopa. Zonse ziwiri n'zofunika, ndipo chimene mwazolowera pakamwa n'chimene mudzalembe pamayeso a MSCE.

Ntchito
Khalani awiriawiri. Mnzanu afotokoze khalidwe la mpangankhani mmodzi wa m'buku limene mukuwerenga kwa mphindi 2. Lembani kuti wadodoma kangati, walakwitsa kangati. Kenaka sinthanani.