Kodi Wophunzira Ntchito ya Alendo Aphunzitsidwe Bwanji?

Anzanga ambiri a m'Folomu 4 afuna kukaphunzira ntchito yolandira alendo, ena ku Mzuzu University, ena ku Malawi Institute of Tourism ku Blantyre. Tsono ndamva ena mwa iwo alikunena kuti, "Masamu ndiribe nawo kanthu ine, pakuti ndine wophunzira ndi manja." Mawu amenewa ndifuna tiwayese pang'ono.

M'chaka cha 1987 mphunzitsi wina wa ku New Zealand, dzina lake Neil Fleming, anagawa njira zophunzirira panayi: kuona, kumva, kuwerenga ndi kulemba, ndiponso kuchita ndi manja. Aphunzitsi ambiri a m'mayunivesite anakondwera nazo, nayamba kuphunzitsa yense monga mwa njira imene aikonda. Koma mu 2008 Harold Pashler ndi anzake, atasanthula zimene akatswiri anafufuza kale, sanapeze umboni wokwanira wakuti kutero kumthandiza wophunzira kukhoza bwino.

Chotero ine ndiganiza kuti cholamula njira ndicho ntchito imene munthu alikuphunzira. Kukazinga chambo sikuphunzirika m'buku iai. Uyenera kuima pamoto, mafuta alikuthetheka, kufikira maso ndi mphuno zidziwa zokha kuti nsomba yapsa. Kuyala bedi ndi kunyamula mbale zinayi osataya msuzi nchimodzimodzi. Nchifukwa chake sukulu ya ku Blantyre ija iri ndi hotela yakeyake ya Alendo, kumene ophunzira atumikira anthu enieni olipira ndalama zawo. Koma wophika yemweyo pofuna kuika mtengo pa mbale imodzi ayenera kuwerengera nsomba, mpunga, mafuta, magetsi ndi malipiro a antchito. Apa manja samthandiza konse. Akalephera masamu hotela idzagwa, ndiwo zingakome chotani.

Nanga woperekeza alendo ku Cape Maclear? Awerenge kuti adziwe chifukwa chake UNESCO inalemba Lake Malawi National Park m'kaundula wa malo ofunika pa dziko lonse mu 1984. Alowe m'madzi kuti azindikire mbuna ndi maso ake. Atcherenso khutu, pakuti Chingerezi cha mlendo wa ku Germany sichifanana ndi cha aphunzitsi athu kuno.

Ndikadakhala mphunzitsi wa pa yunivesite, sindikadafunsa wophunzira njira imene aikonda kuti ndimsiye m'menemo. Wokonda mabuku ndikadamtuma kukhitchini m'mamawa kukasenda anyezi, ndipo mnzanga wa manja uja ndikadamkhazika pa desiki yolandirira alendo, buku la ndalama za zipinda liri patsogolo pake, kufikira mawerengero atagwirizana.